Kodi Wogontha Ndani?

M'midzi yathu ya ku Machinga ndi Balaka, kuyambira ku Ntaja kufikira ku Ulongwe, mipingo yambiri iri nayo nkhalamba imene makutu ace ayamba kulema. Poyamba ikhala patsogolo, nichera khutu; pambuyo pace ikhala kumbuyo, nibvomera ndi mutu mau amene sinawamve; potsiriza ileka kubwera, ndipo ife tinena kuti yafooka m'cikhulupiriro. Tifunsane, abale: kodi yacoka yokha, kapena taicotsa ndife?

Wakhungu timgwira dzanja, koma wogontha timseka. Akayankha zina pamene tafunsa zina, ana aseka, ndi akuru omwe. Akapempha kuti tibwereze, titi, Zilekeni, palibe kanthu. Mau awa ngocepa, koma atseka khomo. Cilamulo ca Mose pa Levitiko 19 ciletsa kutemberera wogontha, cinkana mwini wace sakamva tembererolo. Pakuti alipo Wina amene alimva.

Tidziwe kuti kugontha si ufiti, si cilango ai. Kudza ndi ukalamba, ndi mafinya a m'khutu osacizidwa, ndi cikuku, ndi nthenda youmitsa khosi, ndi phokoso monga la pa cigayo kwa iye wogwira nchito pamenepo zaka zambiri. M'caka ca 2021 bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse linawerenga anthu 430 miliyoni ofunika thandizo pa bvuto la kumva, linanenanso kuti mwa ana 10 osamva bwino, 6 akadapulumuka akadathandizidwa msanga. Cotero mwana wotuluka mafinya m'khutu timuke naye ku cipatala ca ku Liwonde kapena ca ku Balaka, tisamthire za m'mudzi.

Tsono Mulungu wapatsa anthu nzeru yopanga kacipangizo kobvala kukhutu. Kalandira mau, nikawakuza ndi mphamvu ya batire, nikawaponya m'khutu. Odziwa kuyesa makutu alipo ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre, ndi ku African Bible College ku Lilongwe. Ena acita manyazi kukabvala, nakabisa m'thumba. Manyazi ace ngotani? Mphunzitsi wobvala mandala timlemekeza. Nanga wobvala cothandiza khutu timnyozeranji? Zonse ziwiri ndi ndodo ya ciwalo cofooka.

Koma tisanyengedwe kuti mbale wathu akakalandira, mangawa athu atha. Sikabweza khutu la pa ubwana. Kakuza mau a mlaliki, kakuzanso kulira kwa makanda ndi mvula ya pa malata. Batire ikatha kakhala cete, ndipo cinyezi ndi pfumbi zikaononga. Ulendo wa ku Blantyre nawo ufuna ndalama, zimene nkhalamba iribe. Nchito yotsala nja ife: kumsonkhera ya ulendo ndi ya mabatire, kumkhazika pafupi ndi wolalika, kumyang'ana pankhope polankhula kuti aone milomo, kunena pang'onopang'ono kosapfuula, ndi kubwereza kopanda tsinya.

Pa Marko 7 tiwerenga kuti Ambuye, asanacize wogontha uja, anayamba ampatula pa khamu la anthu, nakhala naye pa yekha. Mphamvu yotsegula makutu ife tiribe, koma ulemu umenewo tikhoza kuupereka tonse.

Makolo anati akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto. Nanga moto udzazima bwanji ngati mkuru sanamve mlandu, ife titalema kumfotokozera? Pakumsiya kunja kwa nkhani tidzimana tokha nzeru zace. Iye samva cifukwa makutu ace atsekeka, ndipo alibe mlandu. Koma ife, a makutu abwino, tikapanda kumva pempho lace lakuti tinenenso, tidzayankha ciani? Pa Sabata likudzali tipenye pa mpando umene wakhala wopanda munthu, ndipo tipite tikamtenge mwini wace.