Kodi Nzeru za Ulimi Zichokera kwa Yani?

Mwezi wa Okutobala ukafika ku Salima dzuwa liswa mtengo, nthaka ing'ambika m'madambo, ndipo mlimi aliyense, kuyambira ku Chipoka kufikira ku Khombedza, ayamba kuyang'ana kumwamba. Iyi ndiyo nyengo imene Akhristu abwera ndi mbeu zao ku tchalitchi kuti wansembe azidalitse. Achita bwino. Koma pakati pa iwo onyamula timitanga ta mbeu pali mitima iwiri. Ena ati: mbeu ikadalitsidwa kwatha, zotsala nza Mulungu, mau a alangizi ngachabe. Ena anena chamumtima kuti madzi odalitsa ndi mwambo wa nkhalamba, chobalitsa munda ndi thumba la feteleza. Onsewa alakwa, ndipo kulakwa kwao nkumodzi, pakuti ayesa kuti Mulungu ndi nzeru ali pa mkangano, monga akazi apamitala olimbirana nyumba imodzi.

Buku la Genesis, mutu 2, liphunzitsa kuti munthu anaikidwa m'munda asanachimwe, napatsidwa ntchito ziwiri, ya kulima ndi ya kusunga mundawo. Tsono kulima si chilango iai. Chimene chinadza ndi tchimo ndi minga ndi kutopa. Ndipo Mulungu sanampatse munthuyo khasu losulasula. Anabisa chitsulo m'mwala, nampatsa munthu mutu kuti achifune. Makolo amene anamanga ng'anjo, nasungunula miyala, nasula makasu, ndiwo anayamba nzeru imene lero itchedwa sayansi. Tsiku lina khasu lachitsulo linali chinthu chachilendo, ndipo mwina panali wina amene analinyoza, nati iye akumbabe ndi mtengo monga atate ake. Chimanga chomwe chimene anthu achitcha cha makolo ndi mlendo m'dziko muno. Kwao nku America, chinaoloka nyanja m'zombo za Apwitikizi pamodzi ndi chinangwa, ndipo agogo akalekale ankakhuta mapira ndi mawere. Akadakana iwo chinthu chifukwa chakuti nchatsopano, bwenzi lero nsima ili yotani?

Amene aopa kuti nzeru za mbeu zatsopano nzosapembedza amve za Gregor Mendel. Iyeyu anali wansembe wa chipani cha Augustino Woyera mu mzinda wa Brno ku Ulaya. Zaka zisanu ndi zitatu anabzala nsawawa m'kamunda ka nyumba ya amonke, nakwatitsa mitundu yake, nawerenga ana ake mmodzimmodzi, kufikira anazindikira malamulo amene Mlengi anaika m'mbeu, a momwe utali, mtundu ndi maonekedwe zichokera kwa kholo kunka kwa mwana. Zimene anapeza zinasindikizidwa mu 1866. Anthu sanazisamale, ndipo iye anamwalira mu 1884 osatamandidwa. Mu 1900 ndi pamene akatswiri anaona kuti wansembe uja ananena zoona. Onse amene lero ayesa mbeu za thonje ndi mtedza ku Chitala, kapena za mpunga ku Lifuwu, ali kuyenda m'njira imene analambula munthu wochita Misa m'mawa ndi kugwira khasu masana. Iwo salenga kanthu. Angowerenga zimene Mulungu analemba kale m'njere.

Ndipo nzeru yeniyeni ndi yodzichepetsa, imva ndi mau a mai wa pamtondo omwe. Chimanga choyamba cha haibulidi akazi a m'Malawi anachida, chifukwa chinali chofewa: posinja chinkaphwanyika nichitayika ndi gaga, m'nkhokwe anankafumbwe ankachimaliza msanga. Ena anati akaziwo ndi osaphunzira. Koma akatswiri a ku Chitedze anamvera dandaulo lao, ndipo mu 1990 anatulutsa mitundu iwiri, MH17 ndi MH18, ya njere zolimba zokonoleka ngati za makolo. Mtondo unaphunzitsa sukulu.

Tsono pali tchimo limene lifala m'midzi, ndipo liyenera kutchulidwa dzina. Munthu akabzala ndi mvula yoyamba, napalira msanga, nathira manyowa, namvera mlangizi, nkhokwe yake nidzaza, anzake sapita kukamfunsa umo wachitira. Ayamba kunong'onezana kuti ali ndi mfumba, kapena kuti akawa m'minda ya eni usiku. Mkhristu wonena zotere aphwanya malamulo awiri nthawi imodzi, lachisanu ndi chitatu loletsa kunamizira mnzako, ndi lakhumi loletsa kusirira zake. Choipa china nchakuti mau otere aopsa achinyamata. Mnyamata wochokera ku sukulu aona kuti kukolola kwambiri kudzetsa chidani, nalima pang'ono monga anzake, kapena nathawira ku Lilongwe. Ambuye Yesu, m'fanizo la matalente, sanadzudzule antchito amene anapindula. Anadzudzula uja amene anakwirira chuma chake chifukwa cha mantha.

Komabe akuluakulu amene akayikira alangizi asatonzedwe, pakuti ali ndi chifukwa chao. Akumbukira masiku a malimidwe, zaka za m'ma 1950, pamene boma la Atsamunda linkakakamiza anthu kupanga mizere yopingasa ndi milambala, wokana nalipitsidwa kapena kumangidwa. Mizereyo inali yabwino, iteteza nthaka kufikira lero. Koma chabwino chodza ndi chikoti chisanduka chowawa, ndipo anthu anadana ndi mizere chifukwa cha amene anaibweretsa. Mulungu mwini sachita motero. Pofuna kupulumutsa dziko anatuma mngelo kwa Maria kukapempha chilolezo chake.

Nanga ntchito yachiwiri ija, ya kusunga? Apa ndi pamene aja opembedza thumba ndi botolo agwa. M'zaka za m'ma 1960 alimi a thonje m'dziko muno anaphunzitsidwa kupopera mankhwala, ndipo kuyambira 1968, pamene boma la West Germany linathandiza ntchito yaikulu ya chitukuko cha ulimi kugombe la Salima, sipuleya inakhala chida chozolowereka ngati khasu. Mbozi zinagonja, thonje linachuluka, mabanja anagula malata ndi njinga. Amodzi mwa mankhwalawo anali DDT, amene Paul Müller wa ku Switzerland analandirira mphotho ya Nobel mu 1948 chifukwa cha kupeza mphamvu yake. Dziko lonse linamuombera m'manja. Pambuyo pake zinadziwika kuti mankhwalawa saola: akhala m'nthaka zaka zambiri, natsikira m'madzi, nalowa m'nsomba, m'mbalame, ndi mu mkaka wa amai oyamwitsa. Mu 2001 maiko anapangana ku Stockholm kuwaletsa pa ulimi. Amene anaulula choipacho ndi akatswiri a sayansi omwewo, ndipo pamenepa pali phunziro. Nzeru ya munthu ndi yoona, koma siona zonse tsiku limodzi. Iyenera kulapa ndi kudzikonza monga munthu mwini.

Mankhwala a lero ndi ena, koma mlandu ukadalipo. Mlimi wotsuka sipuleya mu mtsinje wa Linthipe akumbuke kuti kumunsi kuli mai wotunga madzi akumwa, ndi kuti mpasa zikwera mtsinje womwewo kukaswana. Wosunga mchere kapena mafuta ophikira m'botolo la mankhwala a thonje, wotuma mwana kukapopera wopanda chophimba kumaso, asati sadziwa lamulo lachisanu. Nyanja sinapatsidwe kwa mbadwo umodzi. Papa Francis, m'kalata yake Laudato Si' ya 2015, anakumbutsa Akhristu kuti kuononga chilengedwe ndi kulakwira amphawi ndi ana osabadwa, pakuti ndiwo ayamba kumva kuwawa.

Pali mtengo umodzi m'chigwa cha Salima umene ulalika bwino koposa ansembe ambiri. Ndiwo msangu. Mitengo yonse iphuka masamba ndi mvula, koma msangu uchita zosiyana: uyoyola masamba ake mvula ikayamba, nuvala m'chilimwe. Chotero chimanga chobzalidwa pansi pake sichisowa dzuwa, ndipo masamba ogwawo aola nadyetsa nthaka. Makolo anaona zimenezi kalekale, nasiya misangu m'minda pogwetsa mitengo ina. Akatswiri atadza ndi zoyesera zao anapeza kuti msangu ndi mbale wa nyemba ndi nandolo, ndi kuti m'mizu yake mukhala tizilombo tosaoneka timene titenga chakudya cha mbeu mu mpweya ndi kuchisiya m'dothi, chakudya chomwecho chimene mlimi agula m'thumba. Agogo anadziwa kuti zitero, akatswiri anadziwa chifukwa chake, ndipo amene anaika tizilomboto pa mizu ndi Mmodzi. Momwemonso mbozi ya ntchemberezandonda itasakaza chimanga mu 2017, alimi ena anathira mchenga, phulusa, ngakhale msuzi wa usipa m'kati mwa phesi kuti nyerere zidze kudzagwira mbozi, ndipo ofufuza sanaziseke izi, anaziyesa.

Latsala funso lolemera koposa: nzeru zimenezi zifika kwa yani? Mu 2019 boma linalola thonje latsopano lodziteteza lokha ku mbozi. Lichepetsa kupopera, koma mbeu yake ndi yodula, ndipo igulidwa chaka ndi chaka. Feteleza akwera mtengo, mpope wothirira woyendera dzuwa ufuna ndalama zimene mkazi wamasiye sadzaziona pamodzi moyo wake wonse. Nzeru ikangolemeretsa olemera kale, wosauka nabwereketsa munda wake kuti apeze chakudya cha mwezi umodzi, nasanduka waganyu pa nthaka ya amai ake, pamenepo mphatso ya Mulungu yabedwa panjira. Papa Yohane XXIII, amene anali mwana wa alimi osauka a ku Sotto il Monte, anaika gawo lalitali la nkhani ya ulimi m'kalata yake Mater et Magistra mu 1961. Anafuna kuti alimi alandire nzeru zatsopano, inde, koma pamodzi ndi ngongole zosapha munthu, mitengo yachilungamo ya zokolola, ndi magulu ao othandizana. Anthu a ku Salima amene anaika maliro pa njala ya 2002 adziwa kuti nkhani iyi si ya m'mabuku. Yosefe ku Ejipito anapatsidwa nzeru ya kusunga tirigu, ndipo njala itafika anatsegulira nkhokwe ndi alendo omwe, ngakhale abale aja amene anamgulitsa.

Mphakati uliwonse ungathe kuyamba ndi zimene uli nazo. Mabanja khumi sangagule sipuleya khumi, koma angagule imodzi, nasankha munthu mmodzi wophunzitsidwa bwino kuti azipopera minda yonse, kuyambira wa nkhalamba ndi wa amasiye. Angatume awiri kwa mlangizi, kapena ku Chitala pa tsiku la chionetsero, kuti akamve nadzafotokozere anzao itatha mapemphero a Lamulungu. Amene mbeu yake yacha bwino apatseko mnzake mbale imodzi, namuonetse ndi kabzalidwe kake. Ndipo za msangu sizifuna ndalama konse. Nyemba zake zigwa zokha m'chilimwe, ana angazitole mbuzi zisanazimalize. Njere yake ndi yolimba, ifuna kukandidwa pang'ono khungu kuti imere msanga, ndipo mbande zake zibzalidwe ndi mvula yoyamba, pa mzere womwewo ndi chimanga chimene chadalitsidwa.