Galimoto Yaing'ono, Mtima M'malo

M'mawa uno tiyeni tiganizire amene galimoto yawo yakalamba ndipo akufuna ina.

Mtengo wogulira ndi chiyambi chabe. Galimoto imadya tsiku lililonse. Kuchoka ku Kitwe kupita ku Ndola ndi makilomita pafupifupi 60, ndipo amene amayenda ulendowu kawirikawiri amadziwa kuwawa kwa petulo, makamaka bungwe la ERB likalengeza mitengo yatsopano. N'chifukwa chake ambiri amakonda Toyota Vitz kapena Honda Fit: injini yaing'ono, ya 1000cc kapena 1300cc, imamwa mafuta pang'ono.

Koma funsaninso mafunso ena. Sipeya za galimoto imene mukufuna zimapezeka m'tauni muno? Makaniko wa kwanu amaidziwa? Nanga nyengo ya mvula, m'misewu ya maenje ya m'makomboni, pansi pake sipagunda?

Mukaitanitsa galimoto ku Japan, nthawi zambiri imatsikira pa doko la Dar es Salaam n'kulowera pa Nakonde. Werengeranitu msonkho wa ZRA, kulembetsa ku RTSA ndi inshuwalansi. Mukagula kwa munthu konkuno, pitani ndi makaniko amene mumamukhulupirira, amve kulira kwa injini, ayese giya, aone ngati mafuta sakudontha. Mapepala nawonso agwirizane ndi manambala a galimoto.

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Musagule kuti anansi akuoneni. Gulani galimoto imene idzakufikitsani ku ntchito, n'kukusiyirani ndalama ya ufa ndi fizi ya ana. Muyende bwino lero.