MUNTHU NDI KAPITAO, MWINI NDI MULUNGU

Pa masamba oyamba a Malembo Oyera pali phunziro limene anthu aliiwala msanga: dziko lapansi mwini wace ndi Mulungu, ndipo munthu adangoikidwamo ngati kapitao. Kapitao adya za m'munda ndithu, koma tsiku lidzafika lakuti afotokoze kwa mwini munda m'mene adausungira. Nkhani ya akamba a m'nyanja ya mcere ionetsa bwino ukapitao umenewu.

Ku dziko la Costa Rica kuli mudzi wa Tortuguero, m'mbali mwa nyanja ya Caribbean. Kulibe mseu wofika kumeneko; munthu apita pa bwato kapena pa ndege. Caka ndi caka, kuyambira July kufikira October, akamba akazi aturuka m'madzi usiku, nakumba dzenje mu mcenga, naikira mazira ngati 100, nabwerera. Patapita miyezi ngati 2 tiana tiswa, tithamangira ku madzi. Tambiri tidyedwa ndi mbalame, nkhanu ndi nsomba. Topulumuka titha zaka zoposa 20 tisanayambe kuikira, ndipo tikakula tibwerera ku gombe kumene tidabadwira.

Kale anthu ankadikira akamba usiku, nawagoneka cagada kuti alephere kuthawa, nawagulitsa kwa amalonda opita nao ku maiko akutali. Mazira ankafukulanso. Ambiri adacita zimenezi cifukwa ca umphawi. Komabe wopha kamba asanaikire afanana ndi mlimi wokazinga mbeu yace: akhuta lero, nalira caka ca mawa.

M'zaka za m'ma 1950 katswiri wa ku America, Archie Carr, adayamba kuwerenga akamba pa gombelo ndi kuwaika zizindikiro. M'caka ca 1959 padakhazikitsidwa bungwe lowateteza, ndipo m'caka ca 1975 boma lidaika lamulo lakuti malowo akhale otetezedwa. Koma lamulo lokha silidyetsa mwana. Mitima idatembenuka pamene alendo adayamba kufika kudzaona akamba amoyo, nalipira. Tsopano eni mudzi ndiwo aperekeza alendowo usiku, m'timagulu tating'ono, popanda nyali zowala, pakuti kuwala kubweza kamba asanaikire. Paja kuona maso a nkhono nkudekha. Ena ayendetsa mabwato, ena aphikira alendo ndi kuwapatsa pogona. Kamba amene akadagulitsidwa kamodzi kokha abweranso zaka zambiri, nadyetsa mudzi. Ndipo oikira pa gombelo adacuruka kuposa m'zaka za m'ma 1970.

M'caka ca 2015 Papa Francis adalemba kalata ya Laudato Si', m'mene adaphunzitsa kuti kusamala cilengedwe ndi kusamala amphawi ndi nchito imodzi yosalekanitsika. Cifukwa cace pali macimo awiri oyenera kuwalewa. Loyamba ndi umbombo wa munthu wofuna kutsiriza lero zimene Mlengi adakonzera adzukulu ace omwe. Laciwiri ndi cinyengo ca wolemera amene atenga yekha ndalama za alendo, nasiya eni gombe ali manja lende. Mphawi wotereyu akabwerera kukafukula mazira usiku, mlandu suli pa iye yekha ai. Womana uja adzayankha nao pamaso pa Mulungu. Popanda cilungamo, cinthu cotetezedwa sicikhalitsa.

Tsono Mkristu ali yense, kaya ndi msodzi, kaya mlimi, kaya wamalonda, adzifunse mu mtima mwace: kodi cimene ciri m'manja mwace acisunga ngati cobwereka, kapena acidya ngati kuti mawa kulibe? Kamba alibe mau odandaulira, ndipo ana osabadwa sangathe kudziteteza. Koma Mwini munda aona zonse, ndipo kapitao wokhulupirika pa zazing'ono ndiye adzalandira mphotho yosatha.