Mbewu ya Anthu Osabadwa

Pamene ankhondo a Germany anazinga mzinda wa Leningrad pa 8 September 1941, osauleka kotheratu kufikira pa 27 January 1944, njala inakula kotero kuti pofika kumapeto kwa November mwana kapena nkhalamba ankalandira buledi wa magalamu 125 okha patsiku, ndipo amene anatsikira kumanda chifukwa cha njalayo anaposa 600,000. Komatu pakati pa mzinda womwewo panali nyumba yodzala ndi mpunga, tirigu, nyemba, mtedza ndi mbatatesi, mbewu zimene Nikolai Vavilov ndi anzake anatolera m'maiko ambiri kuti zikhale nkhokwe ya mtundu wa anthu. Ndipo akatswiri amene anaikidwa kuzisunga, ngakhale mawondo awo anagwedezeka ndi njala, anazilondera usana ndi usiku, kuziteteza ku makoswe, ku chisanu ndi kwa anthu anzawo, osatapako. Alexander Shchukin, wosunga mtedza, anafera pa tebulo lake. Dmitri Ivanov anatsirizika pakati pa matumba a mpunga.

Kodi anachita bwino? Funsoli silopepuka, pakuti Davide, atagwidwa ndi njala, anadya mkate wopatulika umene unali wa ansembe okha, ndipo Ambuye Yesu, m'malo momtsutsa, anamtchula pokanira ophunzira ake pamaso pa Afarisi. Akuluakulu athunso amati papsa tonola, sudziwa mtima wa moto. Ngati lamulo la m'nyumba ya Mulungu linagonjera mimba ya munthu, nanga mpunga wa m'nyumba ya boma ndiye uli ndi ulemu wanji?

Ine ndiona kuti milandu iwiriyi isiyana pa mwini wake wa chakudyacho. Mkate umene Davide anadya unaikidwa pamaso pa Mulungu, amene samva njala, ndipo pa Sabata lililonse pankaikidwa wina. Koma mbewu ya ku Leningrad, imene mitundu yake ina sikadapezekanso itadyedwa, inali ya anthu amene adzamva njala ndithu, ngakhale kuti pa nthawiyo anali asanabadwe, opanda pakamwa podandaulira. Ikadaphikidwa, sikadakhutitsa mzinda wonsewo. Ikadangotalikitsa masiku a ochepa amene anali ndi makiyi. Asungi aja sanakonde mbewu koposa anthu ayi, koma anawerengera osabadwawo m'gulu la anansi awo, chinthu chimene sindikhulupirira kuti pali mlaliki kapena mfumu amene angachilamule kwa munthu wanjala, pakuti nsembe yotere imakoma pokhapokha mwini moyo ataipereka yekha.

Vavilov mwini sanaone kukhulupirika kwa anthu akewo. Boma la Stalin linali litamgwira kale mu 1940, litamvera Trofim Lysenko amene ankanyoza chiphunzitso chake, ndipo anamwalira ali wofooka ndi njala m'ndende ya ku Saratov mu January 1943.