Pamene Bwana Wakale Aipitsa Dzina Lanu

MAFUNSO onse munawayankha bwino, ndipo okufunsaniwo anaoneka okhutira. Anafika ngakhale pofuna kudziŵa tsiku limene mungayambe ntchito. Ndiyeno zii! Mlungu watha, mwezi watha, ndipo potsirizira pake mukulandira uthenga wa mizera iŵiri wakuti malowo apatsidwa kwa wina. Zimenezi zitachitika kaŵiri kapena katatu, wina wokumverani chisoni akukutsinani khutu: bwana wanu wakale, pofunsidwa za inu, akumanena kuti ndinu wosadalirika, mwinanso kuti katundu anali kusoŵa panthaŵi imene munali kugwira ntchito kwa iye.

Kuŵaŵa kwake sikuthera m'thumba mokha. Munthu wochotsedwa ntchito amadziŵa amene wamchotsa, ndipo angadandaule. Koma woipitsiridwa mbiri amaweruzidwa iye kulibe, pafoni imene sanaimve kapena m'kalata ya umboni, imene ambiri amangoitcha refarensi, yomwe sanaione. Baibulo silipeputsa zimenezi. Miyambo 22:1 imaika dzina labwino pamwamba pa chuma chochuluka, ndipo Chilamulo cha Mose chinaletsa Mwisrayeli kufalitsa mbiri yonama ponena za mnzake. (Eksodo 23:1, Levitiko 19:16) Kodi Mkristu wogwera m'vuto limeneli ayenera kungokhala chete? Ndipo ngati ayankha, kodi ayankhe motani?

Kodi Nzabodza, Kapena Nzoŵaŵa Chabe?

Funso loyamba nlovuta kudzifunsa mtima uli m'mwamba, komabe nlofunika: Kodi zimene bwanayo akunena nzabodza, kapena nzoona zimene zangokhala zoŵaŵa? Talingalirani za Yohane Marko. Iye anatsagana ndi Paulo ndi Barnaba paulendo wawo woyamba wolalikira kumaiko akutali, koma atafika ku Pamfuliya anawasiya nabwerera ku Yerusalemu. Pamene Barnaba anafuna kumtenganso paulendo wachiŵiri, Paulo anakanitsitsa, ndipo mkanganowo unakula kwakuti amuna aŵiriwo anapatukana. (Machitidwe 13:13, 15:36-40) Paulo sanamnamizire Marko, mnyamatayo anasiyadi ntchito ili pakati. Mankhwala a mbiri yoteroyo sanali kutsutsa ayi, koma zaka za utumiki wokhulupirika. Pambuyo pake Paulo mmodzimodziyo anauza Akristu a ku Kolose kumlandira Marko, ndipo chakumapeto kwa moyo wake anamuitanitsa monga munthu wothandiza pautumiki.—Akolose 4:10, 2 Timoteo 4:11.

Chotero ngati munali kufikadi mochedwa, kapena munachoka osatsazika, vomerezani zimenezo kwa amene akufuna kukulembani ntchito, ndipo fotokozani zimene mwasintha. Komano pali chisalungamo china chobisika kwambiri. Liwu lililonse la m'kalata lingakhale loona, kalata yonseyo nkukhala yonyenga. Bwana angalembe kuti munafufuzidwa ndalama zitasoŵa, nasiya dala kutchula kuti kufufuzako kunakupezani wosalakwa. Ku Germany, kumene kalata yoteroyo iyenera kukhala yoona ndiponso yokomera wantchito, mabwana anapanga chinenero chawochawo: kulemba kuti munthu anayesetsa kuchita ntchito yake kumamvedwa ndi oŵerenga odziŵa kukhala kukutanthauza kuti iye analephera. Limenelo ndi bodza lovekedwa mawu oona, ndipo wolakwiridwa mwanjira imeneyi walakwiridwadi.

Munthu Woweruzidwa Iye Kulibe

Baibulo limasimba za munthu amene anataya zonse chifukwa cha umboni woperekedwa iye kulibe. M'nkhani yake wonamayo anali wantchito ndipo wonamiziridwa anali mbuye wake, koma bala lake nlimodzimodzi.

Mefiboseti, mwana wa Jonatani ndi mdzukulu wa Mfumu Sauli, anapunduka mapazi onse aŵiri ali ndi zaka 5. Davide anambwezera minda yonse ya Sauli, nalamula Ziba, mwamuna wa ana aamuna 15 ndi antchito 20, kuti azimlimira. Pamene Davide anali kuthaŵa mwana wake Abisalomu, Ziba anamchingamira ndi abulu aŵiri osenza mikate 200, mphesa zouma, zipatso ndi thumba la vinyo. Atafunsidwa za mbuye wake, iye anati Mefiboseti watsala m'Yerusalemu poyembekezera kuti Aisrayeli ambwezera ufumu wa banja lake. Davide, wotopa ndi wosweka mtima, anagamula pomwepo kuti zonse za Mefiboseti zikhale za Ziba.—2 Samueli 4:4, 9:7-10, 16:1-4.

Taonani kuti mfumu yanzeru ndi yoopa Mulungu inakhulupirira mbali imodzi ya nkhani. Miyambo 18:17 imanena za chizoloŵezi chimenechi cha anthu: woyamba kufotokoza mlandu amaoneka wolungama kufikira mnzake atabwera kudzamfunsitsa. Motero musafulumire kuda wolemba ntchito watsopano amene wakhulupirira bwana wanu wakale. Iye wamva mbali imodzi yokha, ndipo kaŵirikaŵiri ali ndi ofunsira ntchito ena ambiri pamzera.

Davide atabwerera, Mefiboseti anapita kukamchingamira. Kuyambira tsiku limene mfumu inachoka, iye sanasamalire mapazi ake, sanamete ndevu, ndiponso sanachape zovala. Umenewo unali umboni wooneka ndi maso, pakuti munthu woyembekezera chisoti chachifumu sadzisunga monga wofedwa. Atafunsidwa chifukwa chake sanatsagane ndi mfumu, anafotokoza mwachidule kuti anafuna kukwera bulu ndi kuitsatira, koma wantchito wake anamnyenga namneneza. Cholakwacho anachitchula ndi dzina lake lenileni, ndiyeno anasiyira mfumu kuweruza. Nanga chigamulo? Davide anati aŵiriwo agaŵane mindayo. Kunena zoona, kwa munthu wosalakwa limenelo linali theka chabe la chilungamo. Chikhalirechobe, Mefiboseti anayankha kuti Ziba angatenge ngakhale zonse, popeza kuti mfumu inali itabwera kwawo mumtendere.—2 Samueli 19:24-30.

Ambirife timatha chimodzi chokha cha ziŵiri zimene Mefiboseti anachita. Ena amakhala chete, mkwiyo nkumawadya m'kati kwa zaka zambiri. Ena amalankhula, koma samaleka kufikira tambala yomaliza itabwezedwa ndi wowalakwirayo atagwada. Iye analankhula, ndipo sanalole chotulukapo chosakwanira kumlanda mtendere.

Yankhani ndi Zimene Zingatsimikiziridwe

Kodi yankho labwino limakhala lotani? Pamaso pa kazembe Felike ku Kaisareya, mtumwi Paulo ananenezedwa ndi Tertulo, katswiri wolankhulira milandu, kuti anali woutsa mapanduko pakati pa Ayuda kulikonse ndi kuti anayesa kudetsa kachisi. Paulo sananyoze Tertulo. Anapereka chinthu chimene kazembeyo akanatha kufufuza yekha: sipanapite masiku oposa 12 chikwerere iye ku Yerusalemu, ndipo palibe anampeza akutsutsana ndi munthu m'kachisi kapena kusonkhezera khamu. Koma anavomereza poyera mbali yoona ya chinenezocho, yakuti anali kutumikira Mulungu monga mwa Njira imene iwo anaitcha mpatuko.—Machitidwe 24:1-21.

Inunso sonkhanitsani zokhoza kufufuzidwa: kalata imene munalembedwera ntchito, timapepala ta malipiro, makalata okuyamikirani kapena okukwezani paudindo, ndi chikalata chilichonse chosonyeza mmene mlandu wokhudza inu unathera. Ndiyeno pitani choyamba kwa bwanayo, mogwirizana ndi uphungu wa Miyambo 25:8-10 wakusathamangira kubwalo koma kukambitsirana ndi mnzanu iye mwini. Nthaŵi zina wolemba kalatayo amakhala manijala watsopano amene sanakuoneni nkomwe, wongoŵerenga za m'faelo. Mungam'pemphe mwaulemu kuti: 'Bwana, ngati nkovuta kundiyamikira, chonde ingolembani masiku amene ndinagwira ntchito kuno ndi udindo umene ndinali nawo.' Pempho lotero limapatsa munthu wouma mtima njira yobwerera popanda kuchita manyazi. Ndipo ngati mudziŵa kuti umboni woipa udzaperekedwabe, nkwanzeru kuuza wolemba ntchito watsopanoyo pasadakhale, mwachidule ndi mosatukwana, kuti simunasiyane bwino ndi bwana wakale, ndi kumsonyeza mapepala anu.

Malamulo a maiko ena amathandiza pamfundo imeneyi. Ku South Africa, lamulo la mu 1997 lotchedwa Basic Conditions of Employment Act limapatsa wantchito wochoka ufulu wolandira chikalata chosonyeza masiku ake a ntchito, udindo ndi malipiro, ndipo chifukwa chochokera chimalembedwa kokha ngati iye mwini wapempha. Lamulo la ntchito la Malaŵi la mu 2000 lili ndi makonzedwe ofanana nawo. Ku Britain, pamlandu wotchedwa Spring v Guardian Assurance, bwalo la House of Lords linagamula mu 1994 kuti wolemba ntchito amene apereka umboni ali ndi thayo la kuulemba mosamala, ndi kuti angaimbidwe mlandu ngati kusasamala kwake kwatayitsa munthu ntchito, ngakhale ngati sanachite zimenezo mwanjiru.

Kodi nkulakwa kuti Mkristu agwiritsire ntchito malamulo otero? Ayi. Paulo anakumbutsa akuluakulu a ku Filipi kuti anali nzika ya Roma, ndipo pambuyo pake anachita apilo kwa Kaisara. (Machitidwe 16:37, 25:11) Komabe, ŵerengerani mtengo wake. Mwamuna wa mumlandu wa ku Britain uja anachotsedwa ntchito mu 1989, chigamulocho nkubwera patapita zaka 5. Ofesi ya boma yoona za antchito kapena bungwe la antchito lingathetse nkhani mofulumira ndi motsika mtengo kuposa bwalo. Ndipo ngati bwanayo ali wokhulupirira mnzanu, njira ya pa Mateyu 18:15-17 ndiyo yoyenera, pakuti Paulo anadzudzula Akorinto kaamba ka kutengerana kumabwalo akunja.—1 Akorinto 6:1-7.

Njira Zachidule Zimene Zili Misampha

Ana akagona ndi njala, malingaliro ena amayamba kuoneka abwino. Pali odziŵa kupanga kalata ya chidindo chabodza pakompyuta. Msuweni wa mawu aulamuliro angayankhe foni monga manijala wanu wakale. Mlembi wa pakampani angakonze faelo mutampatsa kangachepe. Koma talingalirani: munthu wonenezedwa kuti ngwosaona mtima akapeka kalata, amasandutsa bodza la bwana wake kukhala choonadi. Ndiponso ntchito yopezedwa motero imagwiridwa ndi mantha tsiku lililonse. Akristu amafuna kuchita moona mtima m'zonse. (Ahebri 13:18) Nchimodzimodzinso ndi kubwezera mwa kuulutsa zinsinsi za bwanayo pa Facebook kapena pa WhatsApp. Olemba ntchito amaŵerenga zimenezo, ndipo koposa apo, Malemba amatiletsa kubwezera choipa ndi choipa.—Aroma 12:17-19; 1 Petro 2:21-23.

Yosefe anaponyedwa m'ndende chifukwa cha bodza la mkazi wa mbuye wake Potifara. Iye sanakhale chete ponena za kusalakwa kwake. Anauza wopereka chikho wa Farao kuti anachita kubedwa kudziko la Ahebri, kuti sanachite kanthu koyenera ndende, ndipo anampempha kukamtchula kwa Farao. Nkochititsa chidwi kuti m'mawu akewo sanatchule abale ake kapena mkazi uja. Munthuyo anamuiŵala zaka 2 zathunthu. Wogulitsidwa ali ndi zaka 17, Yosefe anaimirira pamaso pa Farao ali ndi zaka 30, ndipo nkhaniyo sisonyeza Potifara akubweza mawu ake. Chimene chinatsegula chitseko chinali umboni watsopano, wa munthu amene anamuona ali m'ndende.—Genesis 37:2, 28, 39:7-23, 40:14, 15, 23, 41:1, 9-14, 46.

Chotero funafunani mboni zina: kapitawo amene munali pansi pake, makasitomala amene munawatumikira, mphunzitsi wanu wakale. Ngakhale ganyu wa miyezi yoŵerengeka wogwiridwa mokhulupirika amabala munthu wina wokhoza kukuikirani umboni. Pamene ophunzira a ku Yerusalemu anaopa Saulo chifukwa cha mbiri yake, Barnaba ndiye anamtenga napita naye kwa atumwi, nasimba zimene anadziŵa ponena za iye. (Machitidwe 9:26, 27) Mumpingo muli ambiri amene angachite zofananazo kwa mbale kapena mlongo wosoŵa ntchito, malinga ngati anena zimene akudziŵadi.

Pamene Cholembera Chili m'Dzanja Lanu

Ambiri a ife amene timadandaula ndi mabwana tilinso mabwana a wina: wantchito wa m'nyumba, mlonda, mnyamata wa m'dimba. Kwa anthu ameneŵa kakalata kamodzi ndiko satifiketi yawo yonse. Kodi timawamana chifukwa chakuti anatisiya tisanapeze wina, kapena chifukwa anapempha malipiro okwera? Chilamulo chinaletsa Mwisrayeli kulola kapolo wake womasulidwa kuchoka chimanjamanja. (Deuteronomo 15:13, 14) Kumbali ina, chifundo sichilola kubisa ngozi yotsimikizirika. Kuyamikira munthu amene anazunza mwana m'nyumba mwanu ndiko kupereka mwana wa banja lina m'manja mwake.

Kalata ya Paulo kwa Filemoni imasonyeza mmene zoona ndi chifundo zingakhalire papepala limodzi. Pombweza Onesimo kwa mbuye wake, Paulo sanabise kuti kale munthuyo anali wosapindulitsa, ndi kuti mwina anali ndi mangawa. Anasimbanso zimene anaona iye mwini, zakuti Onesimo anali atasintha nakhala wothandiza kwambiri kwakuti mtumwiyo anafuna kumsunga. Ndipo ponena za mangawawo, Paulo anapempha kuti aikidwe pa iye, nalemba ndi dzanja lake kuti adzabweza.—Filemoni 10-19.