MTIMA WA WONENEZA NDI COONA CA MLANDU

Pakati pa anthu ophunzira pali lamulo lakuti munthu akatenga mau a mnzace ndi kuwaika m'buku lace, achule mwini mauwo. Wosatero amayesedwa mbala, pakuti wakolola m'munda umene sanalime. Koma kawirikawiri woulula umbala wotere amakhala mdani wa wolembayo. Kodi tsono oweruza ayenera kumvera mau a munthu wanjiru?

Nkhani yotere inaoneka ku America. M'caka ca 2023 Mai Claudine Gay anakhala mtsogoleri wa Yunivesite ya Harvard, munthu wakuda woyamba pa mpando umenewo. M'mwezi wa December caka comweco, Christopher Rufo ndi anzace anafalitsa mbiri yakuti maiwo analemba mau a anthu ena osachula eni ace. Rufo sanabise kuti anali kulimbana nao pa ndale, ndi kuti anafuna kuwacotsa pa mpando. Akulu a sukuluyo anapeza malo ena amene eni mau sanachulidwe bwino, koma anati kulakwako sikunafike pa cinyengo. Pa 2 January 2024 Mai Gay anatula pansi udindo wao.

Pamene umboni uli wolembedwa, mtima wa woneneza ulibe kanthu. Mabuku awiri akaikidwa pamodzi, ali yense wodziwa kuwerenga angathe kuona ngati mau afanana. Cidani ca munthu sicingaonjeze mzere m'buku limene linasindikizidwa kale, ndiponso sicingaufafanize. Akulu anati, wamisala anaona nkhondo. Mudzi umene unakana mau ace cifukwa ca misala yace unapasuka. Sukulu yokana kufufuza cifukwa woulula ndi mdani iri kuphunzitsa ana ace kuti wokondedwa angathe kuba.

Koma pamene umboni uli wa pakamwa pokha, monga mwana akanena kuti anaona mnzace akuba mayeso, mtima wa woneneza uyenera kufunsidwa. Pa bwalo la mirandu mfumu yanzeru imayamba yafunsa ngati awiriwo anakanganapo za malire a munda, pakuti njiru imaonjeza pa zimene maso anaona.

Ndiponso mdani amasuzumira m'nkhokwe imodzi yokha, nazisiya za abwenzi ace. Iye amafuna cilango coposa kulakwa. Apa ndipo pali nchito yaikuru ya woweruza: adzifunse kuti, munthu wopanda adani akadalakwa comweco akadalipira ciani? Dipo limenelo ndilo loyenera, losaonjeza ndi losacepsa.

Motero mau a mdani alandiridwe ndi kufufuzidwa, koma muyeso wa cilango usaperekedwe m'manja mwace. Woweruza akatseka makutu cifukwa ca cifundo, kapena akakwiya ndi mkwiyo wa woneneza, ndiye kuti wausiya mlandu nayamba kuweruza nkhope.