KUPATUKA NDI KUTHAWA: MAU KWA MAKOLO PA NYENGO YA CHUTHI

Werengani Marko 6:30-44, Luka 2:41-51, 1 Samueli 1.

 Nyengo ya Krisimasi yayandikira. Masukulu atsekedwa posacedwa, ndipo makolo ogwira nchito ku Mzuzu, ku Lilongwe ndi ku Joni alikuwerenga masiku akuti atsike phiri la Chiweta, naonenso nyanja. Ndipo funso limene litifika kawiri kawiri ndi ili: Kodi kholo lotopa licimwa likafuna masiku ena a lokha? Kapena masiku onse a mpumulo ngace a ana? Tiyeni tifunse ku Mau a Mulungu.

Poyamba tinena kuti kupatuka si cimo ai. Marko atiuza kuti ophunzira atabwerako ku ulendo wao wolalikira, anthu anawacurukira kotero kuti ngakhale nsima inawazizirira. Ndipo Ambuye sanawadzudzule cifukwa ca kulema kwao, koma analowa nao m'ngalawa kunka kumalo kopanda anthu. Iye mwini anali kulawira kusanace kukapemphera yekha. Onani msodzi wa usipa, amene acezera panyanja ndi nyali: kukaca ayanika cilimira cace pamcenga, nasoka pong'ambika. Akakana kutero, nsomba zidzapulumukira pa ciboo, ndipo banja lidzagona ndi njala. Mtima wa kholo uli ngati khoka lotere. Kholo losapuma lipsa mtima msanga, limenya mwana pa kanthu kacabe, ndipo pemphero lace liuma. Cifukwa cace atate kapena amai ofuna tsiku lakukhala cete asadziyese ocimwa.

Koma kupatuka kuli kwina, kuthawa kuli kwina. Dziko lino lidziwa bwino kucoka kwa atate. Agogo athu anayenda pansi kunka ku migodi ya golidi ya ku Lupa m'Tanganyika m'zaka za m'ma 1930. Ena ananka ku migodi ya mkuwa, ena ku Joni ndi Wenela, kufikira boma linaimitsa ulendowo m'caka ca 1974, ndege yonyamula anthu athu itagwa ku Francistown. Ambiri a iwo anacoka cifukwa ca msonkho ndi umphawi, ndipo amene sanabwere dzina lao linali machona. Koma lero kuli mchona wina amene agona m'nyumba mwace. Wadza pa chuthi ca masabata awiri. Tsiku loyamba agawa zobvala ndi shuga. Laciwiri aswera pa bawo. Lacitatu waoloka Songwe kunka ku Kyela ndi anzace. Ndipo akakhala pakhonde, maso ace ali pa foni. Tsiku lakubwerera lifika iye asanafunse mwana wace kuti ali m'kalasi yanji. Munthu uyu anena kuti, Ndalikupuma; koma ife tinena kuti walikuthawa.

Nanga tidzasiyanitsa bwanji? Onaninso Ambuye. Poturuka m'ngalawa muja anapeza khamu lawatsogolera kutsidya. Ndipo sanakwiye kuti amuonongera mpumulo, koma anawamvera cifundo, nawaphunzitsa, nawadyetsa. Ici ndico ciyeso cathu. Tisafunse kuti, Ndinacoka masiku angati? Tifunse kuti, Ndinabwera wotani? Wopatuka abwera wofatsa, wa makutu akumva ana. Wothawa abwera wolema koposa, thumba lopanda kanthu, ndipo ana akamva mapazi ace athawira kuseri kwa nthoci.

Caciwiri, Mau atiphunzitsa kuti banja liyenera kukhala nao ulendo wace. Yosefe ndi Mariya ananka ku Yerusalemu caka ndi caka pa Paskha. Elikana anakwera ku Silo caka ndi caka ndi a m'nyumba mwace, nagawira yense gawo lace la nyama. Maulendo awa anali a pansi, ndipo m'njira ndimo mwana anamva mbiri ya makolo ace. Ulendo wa banja sufuna ndalama zambiri. Pitani nao ana kwa agogo, akadye mbalagha, akatsate ng'ombe kudambo, akamve za mafumu a Kyungu ndi za nkhondo ya Mlozi imene inatha m'caka ca 1895. Lowani nao m'nyumba ya zakale ya pa boma, yotsegulidwa m'caka ca 2004, akaone msinkhu wa cirombo cija ca makedzana, Malawisaurus. Imani nao pa bwalo la mapenenga, khalani nao pamcenga dzuwa likapepa. Shuga adzatha, malaya adzang'ambika. Koma tsiku limene atate anamgwira dzanja, mwana saliiwala kufikira imvi.

Ndipo tisapitirire cenjezo liri m'nkhani ya Luka. Pobwerera, makolo aja anayenda tsiku lathunthu akuyesa kuti Mwana ali mwa abale, ndipo anampeza atapita masiku atatu. Ngati olungama awa anatero, nanga ife? Atate ati, Ali ndi amace; amai ati, Ali kwa agogo; agogo ati, Ali ndi anzace kunyanja. Momwemo mwana atayika pakati pa anthu omkonda.

Cacitatu, tiri nao mau kwa inu atate. Kawiri kawiri chuthi ca mwamuna cisanduka goli la mkazi. Alendo acuruka, nkhuni zicepa, madzi afunika, ndipo mvula ikagwa mpunga uyembekeza kuokedwa, ku Hara, ku Wovwe, ku Lufilya ndi m'madambo onse. Mai adzuka woyamba, nagona wotsiriza. Ndani anamfunsa ngati afuna tsiku lace? Kumbukilani Hana. Ku Silo anauka atatha kudya, nakatsanulira mtima wace kwa Yehova payekha. Ndipo caka cina anatsala kunyumba kufikira atamletsa mwana kuyamwa, mwamuna wace nabvomera. Awiriwa anapangana, wina sanalamule mnzace. Inunso khalani nao ana tsiku limodzi kapena awiri, muwasambitse, muwaphikire, kuti amai akaone abale ao, kapena akasonkhane ndi anzao a Umanyano, kapena angogona tulo. Ulemu wanu sudzacepa pa ici. Ana adzaona m'nyumba mwao cikondi cimene amva m'chalichi.

Potero tipempha nyumba iri yonse icite izi. Chuthi cisanayambe, atate ndi amai akhale pansi, nagawe masiku ndi ndalama poyera. Masiku oyamba akhale a ana, pakuti iwo sayenera kudya makombo a nthawi yathu. Wopatuka anene kumene anka ndi tsiku lakubwera, nasunge mau ace; pakuti mwana wa mchona aopa kucoka kuli konse. Ndipo muyeso umene atate adziyesera, ayesere amainso womwewo.

Ambiri a ife tikumbukila usiku wa zibvomezi za mwezi wa Disembala 2009, pamene makoma anang'aluka, ndipo tinagona pabwalo. Mumdima muja panalibe kholo lofunsa za bawo kapena za foni. Yense anaitana ana ace maina, nawawerenga. Tisayembekeze kuti dziko ligwedezekenso kuti tiwawerenge. M'mera mpoyamba, zaka za ubwana ziri zowerengeka, ndipo zikapita sizibwera.

Tipemphere. Atate wathu wa Kumwamba, Inu amene simutopa nafe, tipatseni ife makolo mpumulo woona. Tikapatuka, mukomane nafe. Tikabwera, mutibweze ofatsa. Sungani a paulendo m'miseu ndi panyanja, ndipo mukumbukile nyumba zimene ziyembekeza munthu wosabwera. M'dzina la Yesu Kristu Ambuye wathu. Amen.